Masentimita Anayi

Lolemba, 3 Juni

Chikuku cha odwala chafika. Chakuda, matayala onunkha labala. Alamu, ang'ono awo a Bambo, anachikweza okha masitepe asanu ndi awiri a pakhonde. Pakhomo chakana. Chamutu, chambuyo, chopendeketsa, ayi ndithu. Anamasula chitseko pamahinjesi. Chakanabe. Tepi yawo ya umisiri: khomo masentimita 66, chikuku 70. Anayi basi. Zala zanga ziwiri.

Tinachipinda ngati ambulera n'kuchilowetsa. M'nyumba chimayenda bwino, makomo a m'kati ndi otakasuka. Kuchipinda, pabalaza, kubafa. Chikafika pakhomo lakunja, njii.

Chocheperapo Bambo sangakwanemo, munthu ngati kabati. Khomo lakuseri losatchula n'komwe, n'lopapatiza kuposa ili, ndipo ukangotuluka waponda m'ngalande.

Masabata khumi ndi limodzi chiwagwereni sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo wamanja, zii. Mphunzitsi amene ankayankhula maola awiri osameza malovu watsala ndi mawu anayi: eya, ayi, madzi, iwe. Iwe ndiye ine.

Alamu akuti ndi ntchito ya tsiku limodzi. Kuzula felemu, kuchotsa mzere umodzi wa njerwa, kuika kanjira kotsetsereka ka matabwa pambali pa masitepe. Ananena motsitsa mawu, diso lili pa chikwangwani chabuluu pakhoma. NYUMBA YA MBIRI, NAMBALA 9. POSITI YOYAMBA YA TAWUNI INO. YOTETEZEDWA NDI KHONSOLO. Anachikhoma ndi Bambo okha, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, atavala tayi.

Lachitatu, 5 Juni

Kukhonsolo. Zenera lachitatu linanditumiza chipinda 12. Chipinda 12 chokiya, mwini wake wapita kukayeza denga la msika wakale. Ola lathunthu pabenchi. Ndinawerenga zidziwitso zonse za pakhoma, ngakhale cha katemera wa agalu.

Anabwera. Mtsikana wowonda, tepi yachitsulo ikulendewera m'chiuno. Ndimutcha Watepi. Anandizindikira ndisanatsegule pakamwa, akuti Bambo anamuphunzitsa mbiri kusekondale. Anandipatsa mpando wake weniweni. Kenako fomu, masamba anayi.

Kusintha kalikonse kutsogolo kwa nyumba yotetezedwa, komiti ya nyumba zakale iyambe yavomera. Chabwino, ikumana liti? Sinakumanepo chiyambire Malichi. Chifukwa? Anayang'ana nsapato zake. "Tikudikira atcheya achire, mayi. Kusankha wina iwo ali moyo, kungakhale ngati tawaika kale."

Atcheya ake ndi Bambo.

Ndinaseka mpaka mwanayo anandithirira madzi m'kapu. Kuti achire afunika atuluke. Kuti atuluke komiti ikumane. Kuti ikumane achire. Galu wothamangitsa mchira wake.

Fomu ndadzazabe. Pamene akufunsa chifukwa ndalemba: mwamuna wanga.

Lachisanu, 7 Juni

Tsiku la mafizo kuchipatala. Sindikufuna kulemba. Ndilembabe.

Alamu ndi wometa wa pa nambala 7 anawanyamula Bambo pa mpando wa kukhitchini. Pakhomo anawapendeketsa ngati matiresi. Sitepe yoyamba, yachiwiri, bwinobwino. Yachisanu phazi la wometa linaterereka. Sanagwe pansi, koma anatsetsereka pampando, Alamu n'kuwagwira lamba, buluku n'kutsika mpaka m'mawondo. Pamsewu. Eyiti koloko m'mawa, mzere wa ogula buledi uli tsidya lija. Ndinawaphimba ndi juzi yanga. Anthu anachita ngati akuyang'ana kumwamba, zomwe zinapweteka koposa.

Maso anatseka kuchokera pamenepo mpaka kuchipatala.

Mayi wa mafizo sanazungulire. Katatu pa sabata, osati kamodzi. Miyezi yoyambayi ndiyo yofunika, tikachedwa dzanja liuma, ndipo likauma lauma. Anandionetsa zala za Bambo mmene zayambira kupindikira m'kati.

Pobwerera amuna anayi. Chigongono chasupuka. Chakudya akana.

Lachiwiri, 11 Juni

Ayi.

Dzulo ayi, lero ayi. Dzanja lamanzere linagwira chitsulo cha bedi, Alamu ataima pakhomo ndi mpando. Mphamvu zonse za munthu uja zathawira m'dzanja limodzi. Alamu anadikira theka la ola n'kupita kuntchito kwawo.

Sindikukhazikika. Ndakolopa khonde kawiri. Ndatulutsa mbale zonse m'kabati n'kuzibwezeramo momwemo. Ndayezanso khomo ndi tepi yanga yosokera, ngati kuti lingakule lokha. 66.

Ndawongola zala zawo ndekha monga anandionetsera. Chala chimodzichimodzi, kuwerenga mpaka khumi. Ndikasiya, zimabwerera pang'onopang'ono ngati duwa lofota.

Lachinayi, 13 Juni

Ana a sukulu, mwina makumi atatu, ndi aphunzitsi awo. Ulendo woona nyumba za mbiri, uja anauyambitsa Bambo. Palibe anakumbukira kundiuza. Ndinali ndi beseni la zochapa m'manja.

Aphunzitsiwo ataima pasitepe yachitatu: kalata yoyamba ya tawuni ino inadutsa pakhomo ili. Felemu ya mtengo umodzi, yopanda msomali ngakhale umodzi, zikhomo za mtengo zokhazokha. Khomo analipanga lopapatiza dala kuti anthu azilowa mmodzimmodzi, asakankhane pakauntala. Mawu a Bambo enieni, mpaka popumira.

Ndinasuzumira pabalaza. Ali pachikuku kuseri kwa katani, milomo ikuyenda limodzi ndi aphunzitsi aja. Mawu osatuluka, koma akudziwa lililonse. Nkhope imeneyo ndinali ndisanaione chiyambire Malichi.

Ana anagwiragwira felemu n'kumapita. Ine ndinakhala pansi m'khitchini, beseni pamiyendo. Ndikwiyire ndani?

Loweruka, 15 Juni

Kwa Mayi a buledi, nambala 10. Zaka zinayi ndakhala ndikuwazemba, ndimagula kwa wantchito wawo iwo ali kuseri. Lero anali pakauntala okha.

Nkhani yake ndi iyi. Anapempha kukulitsa zenera kuti kutentha kwa uvuni kuzituluka. Komiti inakana. Kalata yokana ndinataipa ndine, patebulo lathu lodyera, Bambo akuyenda uku ndi uku n'kumandiuza zolemba. Zaka makumi atatu ndinali wotaipa kukhoti, ndiye makalata onse a komiti ankadutsa m'zala zanga. Mpaka lero mayi aja amaphika thukuta lili kamukamu, thaulo lonyowa pakhosi.

Anafunsa za Bambo mwaulemu. Anakulunga buledi, n'kuonjezera kabanzi. Kenako, osakweza mawu: "Gumulani, anzanga, ine sindikakunenerani. Koma nyundo yanu ikangolira, yanga iyankha."

Si nkhanza. Angonena zoona. Ndipo si okha. Wa hadiweya pa nambala 12 wakhala akulota khoma lagalasi kuyambira kalekale. Nyumba khumi ndi zinayi pamsewu uno, zonse Bambo anazimenyera nkhondo, khomo ndi khomo, zaka khumi, ena akuwatukwana. Zonse zikuyang'ana khomo langa.

Ndabwerera ndi buledi, sindikukumbuka kuwoloka msewu.

Lamulungu, 16 Juni

Zala zapindikiranso. Chaching'ono sichikuwongoka n'komwe.

Ndauza Alamu pafoni: Loweruka likubwerali, ndi zida zanu. Za khonsolo ndiyankha ndine. Anati, nanga akulu avomera? Ndinati akulu ndi ine tsopano.

Lolemba, 17 Juni

Bambo anamva. Ndimaiwala kuti makutu sanafe.

Ndikuwaveka malaya m'mawa, anandigwira pamkono. Ayi. Ndinachita ngati sindikudziwa nkhani yake. Analoza kukhomo. Ayi. Ayi. Kasanu ndi kamodzi, nkhope ikufiira, malovu pachibwano. Kapu ya tiyi anaikankha, phwaa pansi. Kenako anakoka nyuzipepala ndi pensulo, dzanja lamanzere, zilembo zogwa ngati mpanda wakale. LAMULO.

Pamenepo china chake chinaduka mwa ine. Ndinati lamulo lanulo libwere lidzakusambitseni. Lidzakuchotsereni chikodzero, lidzakukwezereni buluku pamsewu. Ndinati munakwatira njerwa inu, ine ndinali wongotaipa. Ndinanena zambiri. Munthu woti sangayankhe.

Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri sindinawakalipirepo chotero. Kale akanandigonjetsa ndi mawu ndisanafike pakati. Lero anangondiyang'ana mpaka ndinamaliza.

Ndatola zidutswa za kapu. Inali ya maluwa ija.

Lachisanu, 21 Juni

Masiku anayi opanda "iwe". Madzi amaloza. Chakudya amadya, maso kukhoma.

Mwana wathu wachisamba anaimba foni dzulo. Akuti amayi, mukuvutikiranji, bwerani nawo kuno. Nyumba yake ilibe sitepe, chipatala chili pafupi, chipinda cha ana atipatsa. Ino tikiye, khonsolo izisunga yokha mbiri yake. Mwana wanzeru, anatengera bambo ake kukonza zinthu pafoni.

Ndinawauza Bambo lero masana. Ndimadikira ayi. Ndimamufuna ayi ameneyo. Anayang'ana denga, kabati ya mabuku, zenera. Kenako anagwedeza mutu kuvomera, msozi umodzi mbali yamoyo ija.

Ndiye kuti angalole kuchoka m'nyumba muno, kukafera m'chipinda cha zidzukulu pakati pa zidole, kusiyana n'kuti njerwa imodzi ichoke mwakuba. Ndaopa. Munthu akavomera msanga chotero ndiye kuti wayamba kulongedza.

Ndaimbira Alamu. Mawa musabwere.

Nanga tsono? Ndayenda kuchokera kukhitchini mpaka pakhomo mwina kakhumi. Miyendo ikufuna kupita kwinakwake, mutu sukudziwa kuti.

Loweruka, 22 Juni

Ndimafuna pepala la chipatala m'kabati, m'malo mwake ndapeza fayilo yobiriwira. Malamulo a komiti, kope lachiwiri, la kaboni. Zala zanga zomwe, chilembo cha e chodumpha mzere monga makina anga amachitira.

Ndinawerenga chiimirire. Gawo 4: msonkhano amaitanitsa ndi wapampando, pa nthawi ndi malo amene iye watchula. Malo amene iye watchula! Palibe pamene palembedwa kuti kukhonsolo. Gawo 11: amene nkhani ikumukhudza atuluke m'chipinda pokambirana, ndipo asavote.

Ndinatsitsa makina otaipira pamwamba pa wadiropu. Riboni youma, ndinaidonthezera mafuta a makina osokera. Kalata yoitana mamembala asanu, Lachinayi, teni koloko, pabalaza pa nambala 9. Nkhani imodzi: khomo.

Ndinawawerengera Bambo. Ndinati si nyundo iyi, ndi lamulo lanu lomwe. Komiti ikakana, yakana, tipita kwa mwana. Anatenga pepalalo, kuliyang'ana nthawi yaitali. Kenako analoza pazenera n'kutulutsa mawu atsopano, achisanu. "Buledi."

Ine kuthamangira kukhitchini, kudula, kupaka majarini. Anakankha mbale. Buledi. Chala pa pepala, pansi pa nkhani yoyamba, kugogoda. Buledi. Kachitatu m'pamene ndinamva. Nkhani yachiwiri: zenera la Mayi a buledi, liunikidwenso.

Ndinataipanso. Kusaina kunatenga mphindi zisanu, dzina ngati kangaude wagwa mu inki. Atamaliza anaika pensulo pansi.

"Iwe," anatero. "Madzi."

Lolemba, 24 Juni

Watepi anawerenga kalatayo kawiri. Anapita nayo kwa mlembi wa khonsolo, ine pabenchi lomwe lija. Anabwerako akuluma mlomo kuti asaseke. Akuti mlembi anafufuza m'buku mpaka kuvula magalasi, sanapeze poletsa.

Anandichenjeza kuti si onse adzavomere. Makamaka Mkulu wa mapu, mnzawo wa Bambo wa zaka zambiri, amene anajambula msewu wonse ndi dzanja. Ndikumudziwa. Tiyi wanga wamwa wosawerengeka.

Makapu abwino atsala asanu. Mipando ndibwereka kwa wometa.

Lachinayi, 27 Juni

Anabwera onse, mmodzimmodzi pakhomo, monga akale anafunira. Bambo ndinawaveka jekete ndi tayi. Anatsegula msonkhano ndi kugogoda supuni patebulo. Watepi akulemba.

Nkhani yoyamba, ndinawakankhira kuchipinda monga mwa gawo 11. Ine pabedi, iwo pachikuku, chitseko chotseka. Pafupifupi maola awiri. Makoma akale ndi ochindikala, koma mawu a Mkulu wa mapu amaboola. "Tikatsegula apa, tatsegula msewu wonse. Akanakhala wina, atcheya omwewa akanakana." Ndinayang'ana Bambo. Anagwedeza mutu. Eya, akanakana.

Ndinawagwira dzanja lakufa lija n'kumawongola zala, poti manja anga amafuna chochita.

Atatu avomera, awiri akana. Koma ndi mfundo zake. Felemu izulidwe yathunthu, isungidwe m'nyumba. Njerwa iliyonse ilembedwe nambala. Kanjira ka matabwa kasakhomeredwe pamwala wa masitepe. Watepi amatiwerengera zonsezi titabwerera pabalaza, ndipo pa mfundo yomaliza mawu anamuthawa: zonse zidzabwezeretsedwe mmene zinalili pamene khomo lalikulu silidzafunikanso.

Silidzafunikanso. Aliyense maso pansi. Bambo okha ndi amene anati eya, mokweza.

Nkhani yachiwiri sinatenge nthawi. Zenera latsopano kukhoma la m'mbali, kutsogolo kusakhudzidwe. Bambo anakweza dzanja lamanzere poyamba. Mkulu wa mapu anakananso. Potuluka anaima pakhomo, kusisita felemu, osanditsanzika. Tiyi wake anamusiya wosamwa.

Ndapambana, eti?

Lachiwiri, 2 Julayi

Kudikira kalata ya chilolezo. Sitampu, siginecha, sitampu ina. Mafizo tikuphonyabe. Ndafunsa ngati angalole kunyamulidwa kamodzi kokha. Ayi.

Mayi a buledi anatumiza mikate iwiri, opanda uthenga. Watepi akuti mafomu ena anayi alowa sabata ino, onse a msewu uno. Mkulu wa mapu sananame.

Loweruka, 6 Julayi

Zatheka. Chilolezo chinatuluka dzulo.

Ndimaganiza kuti Bambo adzabisala kuchipinda. Sikisi koloko anali atadzuka kale, akuloza jekete. Anakhala pabalaza moyang'ana khomo, ndodo m'dzanja lamanzere. Alamu akangoika tchizulo molakwika, ndodo pansi, go! Mng'ono wawo wa imvi zake, mmisiri wa zaka makumi anayi, kumutuma ngati wophunzira ntchito. Alamu anati, "Akulu, pakamwa munatseka koma ukapitawo ndiye wakula." Bambo anatulutsa kaphokoso. Ndikuganiza kuti kunali kuseka.

Zikhomo za mtengo zinatuluka zisanu ndi zitatu, zolimba ngati zadzulo. Felemu inatsika yathunthu, amuna atatu. Watepi ndi choko, njerwa 23, iliyonse nambala yake, kuzijambula ndi foni, kuzisanja m'bokosi. Kuseri kwa felemu ndimayembekezera kupeza kanthu, kalata yakale kapena ndalama yachitsulo. Fumbi ndi chisa cha mavu chouma.

Felemu tsopano yatsamira khoma la kuchipinda kwathu, poti kwina sikukwana. Ndikagona ndiziyiona. Ikudikira, ndipo ndikudziwa chimene ikudikira.

Khomo latsopano 82. Loyera, lonunkha utomoni, lonyansa pang'ono. Simenti iume kaye mpaka Lolemba.

Lamulungu, 7 Julayi

Nyundo, cha m'ma naini. Osati kwa Mayi a buledi. Nambala 12.

Ndinatuluka pakhonde. Wa hadiweya ndi amuna asanu, khoma lonse lakutsogolo, mazenera awiri ozungulira pamwamba aja, zonse pansi. Wasankha Lamulungu, maofesi otseka. Palibe choko, palibe bokosi. Njerwa akuziponya m'lole ngati zinyalala. Atandiona anakweza dzanja, akuti zikomo potitsegulira njira, mayi.

Ndinaimbira Watepi. Anafika ndi zovala za kutchalitchi, mochedwa. Anaima pakati pa msewu, tepi alibe, manja ali lende.

Ndinatseka mazenera, wailesi mokweza. Bambo anandiyang'ana, ine kuyang'ana wailesi. Sindinawauze. Mawa atuluka, adzaona okha. Kapena ndiwatembenuzire kumanzere msanga, njira ya kuchipatala, mwina osaona?

Ndasita malaya awo kawiri.

Lolemba, 8 Julayi

Chikuku chadutsa. Osakhudza ngakhale mbali imodzi. Kanjira ka matabwa kanalira pang'ono, ine ndikugwira mabuleki. Kenako matayala pamsewu. Dzuwa pankhope pawo. Anatseka maso, koma osati monga tsiku lija.

Ndinakhotera kumanzere. Ndodo pansi, go! Analoza kumanja.

Ndinawakankha. Ndikanatani? Tinaima patsogolo pa nambala 12. Chibowo ngati mkamwa mogululuka mano, pulasitiki yakuda ikukupiza, fumbi lofiira mpaka mumsewu. Wa hadiweya anazimiririka kuseri kwa matini a penti. Ndinayamba kunena kuti ndine ndachititsa, anandigwira dzanja kuti ndikhale chete. Anayang'ana nthawi yaitali, kuyambira padenga mpaka pansi. Ndimadikira misozi. Sinabwere. Chibwano chinalimba, monga kale akamva kuti wina wagula malata atsopano.

Kumafizo anagwira ntchito mpaka mayi uja anati basi, zakwana. Iwo ayi. Kufinya kampira, kufinyanso. Chala chachikulu chinagwedezeka, ndinaona ndi maso angawa.

Pobwerera, mawu achisanu ndi chimodzi. Anawayesa katatu asanatuluke bwino. Khonsolo. Ndinati mawa. Ayi. Ndinati tidye kaye. Eya, koma jekete akana kuvula.

Ndiye ndakhala pano, tiyi akuzizira, msana ukuwawa, ndipo ndangokumbukira. Ofesi ya khonsolo ili pamwamba pa masitepe khumi ndi asanu ndi atatu, amwala. Pakhoma pake chikwangwani chabuluu, Nambala 1. Ndawauza. Akudziwa, anawerenga kale masitepewo. Akuti tikaime pansi pake mpaka wina atsike, ndi mmene ndamvera ine, poti chala chikuloza pansi, go, go, go.

Akugogodanso. Chipewa chawo ndinachiika pati?